Mowa Wofiira wa Mbumba Yathu

Mbumba yathu inkadziwika ndi mowa. Mlendo akafika pa mlatho wa Chongwe n'kufunsa njira ya kumudzi kwathu, anthu sankavutika n'kutchula dzina la nyakwawa. Ankangoti, "Mukufuna kwa amayi a mowa wofiira?" Amayi amenewo anali agogo anga, obereka amayi anga, Msoli wa m'dziko lino la Nkomeshya. Inu adzukulu anga simunawaone, ndipo mowa wawo simunaulawe. Ndikufuna mudziwe mmene unkafululidwira, chifukwa mwa onse amene anasonkhezerapo moto pansi pa nkhali zija ndatsala ndekha.

Mwina mumadabwa kuti bwanji ine, mdzukulu wa Msoli, ndimakuyankhulani m'Chinyanja. Atate anga anali a kummawa, cha ku Fort Jameson kumene lero mumati Chipata. Anabwera wapansi kutsata ntchito pamene azungu ankamanga likulu latsopano ku Lusaka, lija analitsegula mu 1935 atasamuka ku Livingstone. Anaumba njerwa, anaswa miyala, kenako anapeza mbeta kuno n'kukhala mkamwini. Kwa Asoli, monganso kwa Achewa, mwana ndi wa kuchikazi. Tinakulira pakhomo pa agogo, m'manja mwa amalume, koma pakamwa tinatola chiyankhulo cha atate.

Agogo ankasimba kuti dera limene pali mzinda wa Lusaka linali tchire la makolo athu, kosaka nyama ndi kokumba mizu ya munkoyo. Njanji itafika mu 1905, azungu anayamba kudula mafamu m'mbali mwake, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linalemba malire a malo osiyira anthu akuda. Midzi yambiri inasunthidwa, wathu unali umodzi mwa imeneyo. Amayi anga anali kamtsikana kongoyamba kusenza mtsuko. Pa katundu yense wa pakhomo, agogo anaumirira zinthu ziwiri kuti zisatsale: mbiya yaikulu ya mowa, imene amuna awiri anainyamula pa mtengo, ndi mtolo wa ngala za mapira. "Nyumba tikamanga ina," anatero, "koma mbewu ukaisiya waisiya."

Mowa uja unkayambira kumunda, ndipo ndikhalitsapo pamenepa chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mapira a agogo anali ofiira, aatali kuposa mwamuna atakweza mkono, ochedwa kucha. Nsima yake inali yowawira, anafe sitinkaikonda. Mbalame nazonso sizinkawakonda kwenikweni: mpheta zinkayamba zamaliza mapira oyera a anansi athu zisanatere pa athu. Kuwawira komweko, kumene kumakhala m'khungu la njere, ndi kumene kunkapatsa mowa mtundu wake ndi kakomedwe kogwira lilime. Mawere ankawafesa m'munsi mwa chulu, pamene atate anaunjikapo nthambi n'kuzitentha kuti pakhale phulusa. Chimanga chinali chamakolo, cha njere zolimba, chitsononkho chimodzi choyera, chofiirira ndi chakuda pamodzi. Pakati pa mapesi pankayanga khobwe ndi maungu, moti pofika Febuluwale nthaka sinkaoneka n'komwe.

Thumba la feteleza sitinkalidziwa. Amalume anali ndi ng'ombe, ndipo khola silinkakhala malo amodzi mpaka kalekale. Ndowe zikachuluka ankalisuntha, ndiye pamene panali khola pankabzalidwa chimanga ndi fodya. Dothi la pa chulu tinkalikumba m'chilimwe n'kulimwaza m'malo a mchenga. Munda ukatopa ankausiya tsala, udzu ndi zitsamba n'kubwereramo, anthu n'kukalima pena. Zimenezi zinkatheka chifukwa anthu tinali ochepa ndipo malo analipo, ngakhale anali atachepetsedwa kale.

Kusankha mbewu inali ntchito ya agogo okha. Kukolola kusanayambe ankalowa m'munda m'mawa ndi kampeni, kuyang'ana ngala imodziimodzi. Yofiira bwino, yodzaza, ya phesi limene silinagwe ndi mphepo, ankaidula. Ngala zimenezo ankazimanga m'mitolo n'kuzipachika kudenga la khitchini, pamwamba penipeni pa mafuwa, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Njala ikavuta chotani, mitolo ija sinkakhudzidwa. Ndikukumbukira chaka china nkhokwe itatha mwezi wa Januwale, tikudya maungu ndi bowa, amayi anayang'ana kudenga. Agogo anawaona. "Mwanawe, chotsako maso kumeneko. Izo n'za ana ako a chaka chamawa."

Tsopano chimera. Mapira ankawaviika mumtsuko usiku ndi usana, kenako n'kuwayala pa masamba m'nyumba, m'malo a mdima, n'kufunditsa masamba ena pamwamba. M'mawa ndi madzulo ankawaza madzi. Pakapita masiku angapo njere zinkatulutsa timizu toyera, nyumba yonse fungo lili guu, lotsekemera. Pamenepo pamafunika diso. Ukafulumira kuyanika, chimera chimakhala chopanda mphamvu. Ukachedwa, chimachita nkhungu, mowa n'kumanunkha chinyontho. Agogo ankatola njere imodzi, kuitafuna ndi mano akutsogolo, n'kunena kuti, "Mawa padzuwa." Chimera cha mawere ankachimeretsa pachokha, sankachiphatikiza ndi cha mapira chisanaume. Zonse zikauma tinkapera pa mphero, chogwada, mpaka mawondo kuchita zikang'a. Musamve wina akukuuzani kuti ntchito imeneyo inali yokoma. Inali yothyola msana.

Tsiku loyamba lofulula ankaphika phala lamadzimadzi la ufa wa mgaiwa m'nkhali zazikulu. Likazizira mpaka poti chala n'kupirira, ankathiramo chimera chapamanja n'kulisiya kuti lisase. Likasasa ankaliwiritsanso, ndipo tsiku limenelo linali la nkhuni. Atate, pokhala mkamwini, ndiwo ankagwetsa mitengo youma ya mombo n'kuikokera pakhomo. Moto unkayaka kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa kupendeka, amayi ndi ang'ono awo akusinthana mthiko wautali. Likazizanso ndi pamene pankabwera chinsinsi cha banja lathu, kasakanizidwe ka chimera. Muyezo wake unali malichero atatu a mapira ofiira pa lichero limodzi la mawere. Mapira ankapereka mtundu ndi kuwawira, mawere ankasungunula phala n'kulitsekemeretsa, chimanga chinkapereka thupi kuti munthu akamwa akhute.

Koma muyezo umenewo sunali lamulo louma. Chaka chimene mvula inadula msanga, mapira n'kukhala ofwapa, agogo ankawonjezera mawere. M'mwezi wa Juni, kukuzizira, ankasendeza mbiya pafupi ndi moto n'kudikira tsiku lina lapadera. Mu Okutobala mowa unkawira msanga, ndiye ankauika kuseri kwa nyumba, pamthunzi, n'kufunditsa mbiya masamba onyowa. Akazi ena a m'mudzi ankadziwa bwino za malichero atatu ndi limodzi, sichinali chobisika. Chimene analibe ndi lilime la agogo, ndi mbiya ija. Mbiya imeneyo sinkakwechedwa ndi mchenga, sinkaona sopo. Ankangoitsukuluza n'kuivundikira. Agogo ankati mowa wakale umadzutsa watsopano. Nditaphunzira sayansi pa maphunziro a uphunzitsi ndinamva kuti timbewu tosaoneka ndi maso timene timawiritsa mowa timakhalira m'timing'alu ta dothi, kudikira phala lina.

Anafe gawo lathu linali thobwa, limene ankatipungulira mowa usanalowe m'mbiya yaikulu. Kenako tinkathamangitsidwa. Mkazi wofulula ankayenera kugona padera masiku onsewo, ndipo munthu wotentha sankaloledwa kuyandikira. Usiku wa tsiku lachisanu ndi chimodzi agogo ankagwada, kuika khutu pa mbiya. Ine anandilolapo nditakula. Mkati munkamveka phokoso ngati la mvula imene ikubwera patali pa masamba a m'nkhalango. Phokoso lija likayamba kuchepa, m'mawa mwake ankakuntha. Mowa unkatsika m'khuntho uli psuu, thovu lake lofiirira, masese n'kupita kwa nkhuku.

Chikho choyamba chinkathiridwa pansi, patsinde pa mtengo wa kuseri kwa mudzi, agogo akutchula mayina a amayi awo ndi agogo awo. Chachiwiri ankamwa okha anthu onse akuona, kusonyeza kuti m'mowamo mulibe choipa. Chachitatu chinali cha amalume, eni mbumba. Atate ankakhala patali, kuseri kwa nkhokwe, pakuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Agogo ankandiitana.

"Kapereke kwa atate ako. Ukawauze kuti nkhuni zawo zayaka bwino."

Ndinkapita, kugwada, kupereka ndi manja awiri. Atate ankamwa pang'onopang'ono, kupukuta pakamwa, n'kuwomba m'manja molunjika kumene kunali agogo osawayang'ana.

"Ukawauze apongozi kuti mlendo wawo wathokoza."

Anakhala pamudzipo zaka makumi ambiri, anaika maliro a anthu ambiri a mbumba yathu, koma pa mowa ankadzitchulabe mlendo, ndipo agogo ankawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Mowa umenewu sunali wa tsiku lililonse. Unali ndi chifukwa. Munthu akafuna kuswa mphanje, kupalira munda waukulu kapena kufolera nyumba, ankaitana dima: anthu ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha, dzuwa likafika paliwombo n'kukhala pansi pa mtengo kuzungulira mbiya. Mkazi wamasiye amene analibe mwamuna womulimira, akakhala ndi chimera, munda wake unkalimidwa. Unkafululidwanso pa chinamwali, pa ukwati, ndi pomaliza maliro. Sindikunena kuti kunalibe zidakwa. Zinalipo, ndewu zinkabuka, akazi ena ankalira usiku. Koma mowa wa masese uli ndi malire akeake. Umatenga sabata kuti upse, umadya mapira a m'nkhokwe imene ukudyamo nsima, ndipo pakapita masiku awiri wasasa, sungamwekenso. Munthu sakanatha kuledzera mwezi wathunthu ngakhale atafuna. Mnyamata wosakwatira akapezeka ndi chikho m'manja, amalume ake ankayankha mlandu.

Dzuwa likafika poswa mtengo, mitambo ikungodutsa, mitima ya anthu inkatembenukira ku likulu la mfumu. Mwambo wa Chakwela Makumbi, umene lero mumapita kukauona mutavala zitenje zofanana, ndi pemphero la mvula. Mfumu imapempha kwa Mulungu kudzera mwa makolo, imayatsa moto m'munda, imabzala mbewu zoyamba, ndipo ikatero anthu amadziwa kuti nyengo yatseguka. Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, imene inalowa ufumu mu 1971, yausunga mwambowu mpaka lero. Kale midzi inkasonkha chakudya ndi chimera cha mowa wa nthawi imeneyo, ndipo ofulula ankakhala amayi okalamba amene anasiya kubereka. Dengu la chimera cha agogo linkanyamuka pakhomo pathu chaka ndi chaka. Ankalisankha okha, ankaliphimba ndi nsalu yoyera, ndipo wolisenza sankaloledwa kulitula panjira.

Vinyo wa mphesa tinayamba kumuona ku Kasisi. Mishoni imeneyo anaiyambitsa wansembe wa chipani cha Ajezwiti, Bambo Jules Torrend, mu 1905. Masiku amenewo Misa inali m'Chilatini, wansembe atatifulatira, ndipo chikho ankamwera yekha. Ife tinkalandira mkate wokha. Mlongo wanga, amene ankatumikira pa guwa, ndiye ankanyamula kabotolo kaja, ndipo pakhomo tinkamupanikiza ndi mafunso. Anatiuza kuti lamulo la Mpingo limafuna vinyo wa mphesa zokhazokha, wosasakaniza ndi kanthu kena. Agogo, amene sanabatizidwe mpaka atadwala matenda awo omaliza, anamvetsera bwino.

"Nanga amafulula ndani, mdzukulu wanga?"

"Amachokera kutali, agogo, m'mabotolo."

"Munda wake unauona?"

"Iyayi, agogo."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati lamulo lokana zosakaniza zachilendo analimva ndipo n'labwino, koma iwo sakanatha kupereka nsembe ya chinthu chimene sanaone pamene chinamera. Sankanyoza. Kwa iwo chopereka kwa Mulungu chinkayenera kukhala thukuta la mwini wake.

Tauni itakula, mowa unasanduka ndalama. Kwa zaka zambiri lamulo la atsamunda linkaletsa munthu wakuda kugula zakumwa za azungu, ndipo m'makomboni a Lusaka khonsolo inkafuna kuti anthu azimwera m'mabiyaholo ake okha. Akazi ofulula m'nyumba ankasakidwa, apolisi n'kumakhuthula migolo pansi. M'zaka za m'ma 1950 akazi a m'tauni anakwiya nazo poyera, ndipo chipani cha African National Congress cha a Harry Nkumbula chinauza anthu kuti anyanyale mabiyaholo. Kuno kumudzi amayi anga ankafulula kumapeto kwa mwezi, antchito a m'mafamu a azungu akalandira, n'kumagulitsa chipanda pa tiki. Ndalama zimenezo ndi zimene zinalipira msonkho wa atate ndi fizi yanga. Choko chimene ndinagwira moyo wanga wonse chinachokera m'mbiya ya mowa wofiira, ndipo sindichita nazo manyazi.

Nthawi yomweyo kachasu anayamba kuchuluka. Kuchigwa, cha ku Feira kumene lero ndi Luangwa, moyang'anizana ndi Zumbo wa Apwitikizi, amatcheza masau. Kuno anthu ankatcheza gaga ndi shuga wa m'sitolo. Phindu lake linali lalikulu, sankasasa, botolo linkabisika m'chitenje. Amayi anaganizapo zoyamba. Agogo anakana kwamtuwagalu. Anati mowa umene sukhutitsa ndi wongowotcha chiwindi sulowa pakhomo pawo iwo ali moyo.

Chimene chinathetsa mowa wathu si apolisi, si mpingo, si kachasu. Ndi chimanga. Titalandira ufulu mu 1964, boma linafuna kuti dziko lidzidyetse, ndipo linabweretsa mbewu ya haibulidi monga SR52, feteleza wotsika mtengo, ngongole, ndi misika ya NAMBOARD imene inkagula chimanga pafupi ndi mudzi. Munthu amene ankakolola ngolo ziwiri anayamba kukolola zisanu ndi imodzi. Malata anakwera pa nyumba, njinga ndi mawailesi zinalowa m'midzi. Ndani akanakana? Zigayo zinafika, akazi anapuma ku mtondo ndi mphero. Ana, amene kale ankakhala pa nsanja kuyambira Epulo kuingitsa mbalame, anali m'kalasi kutsogolo kwanga, ndipo kumeneko n'kumene ankayenera kukhala. Koma mapira amafuna mwana wa pa nsanja. Anansi atasiya kulima mapira oyera, mpheta zonse za m'dera zinatera pa ofiira athu, kuwawa kapena kusawawa. Munda wa mapira unachepa chaka ndi chaka mpaka unatsala mizere yochepa kuseri kwa khola. Chibuku naye anafika, wofulula kale, wosafuna nkhuni. Dima linatha, pakuti aliyense ankafuna ganyu ya ndalama.

Kenako zinthu zinatembenuka. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, feteleza anakwera mtengo, ndipo nthaka imene inazolowera thumba inakana kubereka popanda thumba. Matenda a denkete anapulula ng'ombe, makola anatsala pululu, ndowe kunalibenso. Chilala cha 1992 chinapsereza chimanga chisanamasule, tinadya chimanga chachikasu cha thandizo. Chaka chimenecho mabanja ochepa amene anali adakali ndi mapira anakololako kanthu. Ife tinalibe. Agogo anali atapita kalekale, amayi anali atakalamba, ine ndinali kusukulu zakutali kumene boma linanditumiza, ndipo mitolo yomaliza ya kudenga inali itafumbwa khitchini ya udzu itagwetsedwa.

Amayi atamwalira tinafuna kuwafululira mowa wotsiriza maliro, umene atate ankautchula bona. Mapira ofiira tinakagula ku msika wa Soweto ku Lusaka, osadziwa kumene analimidwa. Mbiya ija inalipo, ndinatsata zonse monga ndinaonera. Amalume aang'ono, amene anali atatsala okha pa abale a amayi, analandira chikho, kumwa, n'kuchigwira nthawi yaitali.

"Mowa ndi mowa ndithu, mwana wa mlongo wanga. Manja ndi omwe aja. Koma mapirawa si athu."

Zimene zinadza pambuyo pake mwaziona nokha. Timapaketi ta tujilijili tinkagulitsidwa pa mtengo wa switi, ana asukulu akumwera m'thumba la yunifomu, mpaka boma linatiletsa mu 2012. Ndinaika m'manda anyamata amene ndinawaphunzitsa kulemba dzina.

Ku Kasisi komwe kuja kunachokeranso chinthu china. Mu 1974 Ajezwiti anatsegula sukulu ya zaulimi, Kasisi Agricultural Training Centre, motsogozedwa ndi Brother Paul Desmarais wa ku Canada. Poyamba nawonso ankaphunzitsa ulimi wa feteleza ndi mankhwala. Ataona kuti alimi akungomira m'ngongole ndipo nthaka ikuguga, cha m'ma 1990 anatembenukira ku ulimi wosathira mankhwala. Mu 2002, kuli njala, pamene Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana chimanga cha thandizo chosinthidwa chibadwa, a ku Kasisi anali m'gulu la amene anachenjeza kuti mlimi wamng'ono asalandidwe mphamvu pa mbewu yake. Nditapuma pantchito ndinapitako kukaphunzira. Zina zinali zatsopano kwa ine: kuunjika kompositi m'magawomagawo, kubzala kalongonda kuti abwezere chonde m'malo mosiya tsala, pakuti malo osiya tsala kulibenso. Koma pamene mlangizi anayamba kunena za ndowe, za kusakaniza mbewu m'munda umodzi, za kusunga mbewu yako, misozi inalengeza. Ndinkamva mawu a agogo m'kamwa mwa mnyamata wa satifiketi.

Tsopano iwe mdzukulu wanga wamkulu wabwera ndi maganizo obzala mphesa pa munda wa kumtsinje, osathira mankhwala, kuti tsiku lina upange vinyo wofiira wolembedwa dzina la banja. Sindikukuletsa. Mphesa zakutchire zilipo m'mapiri muno, zazing'ono, zakuda, zokanda pakhosi. Tinkadya tikamakatola nkhuni. Koma za vinyo n'zina, ndipo mdani wake kuno ndi mvula. Imagwa nthawi yotentha, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo chinyontho chotentha chimabweretsa nkhungu pa masamba ndi pa zipatso. Uyenera kudulira m'nyengo yozizira kuti zipse mvula isanalimbe, kutanthauza kuti uzithirira mu Seputembala ndi Okutobala, miyezi imene mtsinje wa Chongwe umasanduka mchenga. Uyambe waganiza za madzi usanagule mbande. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, zinatheka chifukwa n'kouma. Amishoni anabzala m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero ali ndi mphesa yofiira yakwawo yotchedwa Makutupora. Kuno kwathu akatswiri a boma anapangapo vinyo wa masuku, chipatso chimene sichifuna kuthirira, ndipo nzeru imeneyo usaipeputse.

Wandiuza za ku Cape, kumene vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659, ndi za mphesa yawo ya Pinotage imene amaisakaniza ndi Cabernet Sauvignon ndi Merlot, mwini munda akulawa mgolo uliwonse n'kusintha muyezo malinga ndi mmene chaka chayendera. Ndamva, ndipo ntchito imeneyo ndikuizindikira. Koma za ku Cape ndinazimvanso kwa munthu wina. Msuweni wa amayi anapita ku Joni ndi Wenela, anathawa mgodi, n'kukagwira ntchito m'minda ya mphesa. Anabwera wopanda kanthu, manja akunjenjemera. Ankati kumeneko gawo la malipiro linali vinyo, kapu m'mawa, kapu masana, kapu madzulo, kuti wantchito asaganize zochoka. Ukadzalemba anthu ntchito, uwalipire ndalama.

Mawu anga ena ndi a malo. Mzinda ukubwera. Kuchokera ku bwalo la ndege kutsata msewu wa Great East, minda imene ndinkaidziwa yadulidwa mapuloti, yazingidwa ndi mipanda ya njerwa. Mfumu yathu yakhala ikulimbana nazo zaka zambiri, koma ogulitsa ndi ife tomwe, ana a m'midzi. Mpesa umatenga zaka zitatu usanabereke zoti n'kukolola, ndipo vinyo wabwino amachedwa kuposa pamenepo. Munda wa kumtsinje si wako wekha, si wanganso. Ndi wa mbumba. Upite kwa amalume ako, ukhale pansi, uwafotokozere, kenako mupite limodzi kwa anyakwawa. Dzina limene ukufuna kulemba pa botolo nalonso lili ndi eni ake, alongo ako ndi ana awo.

Ndipo pa mundawo undisiyire chigawo cha kumtunda, pamene pali chulu chachikulu. Chilala cha 2024, chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko, chachititsa anthu kufunsanso za mapira. Mayi wina wa mumpingo mwathu, wokwatiwa kuchokera kwa Shikabeta, wandiuza kuti kwawo kumapiri kuli okalamba amene sanasiye kulima ofiira aatali. Asoli a kumeneko ndi a kuno ankakwatirana, mbewu zinkayenda ndi akamwini, choncho ndikufuna ndikaione ndi maso anga ndi kuitafuna. Mbewu ya mapira ikagona zaka zambiri simera, tsono tikapemphe ya chaka chino, ngala zathunthu, osati yopuntha. Mbewu yotere sagula. Tidzanyamula nkhuku, mchere ndi chitenje. Udzanditenge pa galimoto mwezi wa Juni akamaliza kukolola, msewu wa ku Rufunsa utauma. Ana a mlongo wako adzandithandiza kuingitsa mbalame Loweruka ndi pa tchuthi cha Epulo, ndipo nsanja udzamange ndiwe.